Ndege zomwe ankazitcha mabokosi a maliro: zinali zoipadi?

Sipanala14:
Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani yomwe yandizunguza mutu kuyambira dzulo. Pali kandege kena ka ku America ka nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, dzina lake Brewster Buffalo. Kafupi, konenepa ngati mgolo, mphuno yophwatalala. Anthu akamatchula ndege zankhondo zachabechabe zomwe zinapangidwapo, kameneka sikasowa pamndandanda. Ku Midway, pa 4 June 1942, asilikali a ku America ananyamuka ndi ndege zimenezi pafupifupi 20 kukachingamira Ajapani, ndipo 13 sizinabwerere. Mmodzi mwa omwe anapulumuka analemba mu lipoti lake kuti mtsogoleri aliyense wotumiza munthu kunkhondo pa ndege imeneyi azingomuwerengera kuti wafa kale asananyamuke n'komwe.

Ndiye ndapezanso kuti dziko la Finland linagula ndege zomwezi zokwana 44, ndipo anyamata akumeneko akuti anagwetsa nazo ndege za Soviet Union zoposa 450, iwo n'kutaya zosakwana 20 pomenyana mumlengalenga. Mpaka anaipatsa dzina lachikondi, ankati ngale yakumwamba. Ndege imodzimodziyo? Ine ntchito yanga ndi ya mainjini, ndipo chitsulo sichinama. Wina wake akunama apa.

Tomasi Didimo:
Akunama ndi a ku Finland, nkhani yatha. Munamuonapo msodzi wonena kuti chambo chomwe chamupulumuka chinali chaching'ono?

Kagemu:
Mu gemu ya War Thunder Buffalo ndi yoopsa aise, ikayamba kukhota palibe woigwira kkkk

Tomasi Didimo:
Iwe, tikukamba za nkhondo, osati za pafoni pakopo.

Kagemu:
Ndi pa kompyuta madala, osati pafoni

Mphunzitsi Wopuma:
Bambo Sipanala, pamene mwalemba kuti "imodzimodziyo" m'pamene pagona nkhani yonse. Dzina linali limodzi, koma ndegezo zinali zosiyana.

Zomwe anagula a ku Finland zinali za mtundu woyambirira, wotchedwa B-239, ndipo zinali zopepuka. Zinafika kudzera ku Sweden kumayambiriro kwa 1940, nkhondo yawo yoyamba ndi Soviet Union ili kumapeto, moti ntchito yeniyeni zinadzaiyamba mu 1941. Za ku Midway zinali F2A-3, zomaliza kupangidwa. Pofika pamenepo ogula anali atapempha zowonjezera zambirimbiri: chitsulo chotchinga woyendetsa, mathanki a mafuta odzitseka okha akabooledwa ndi chipolopolo, mafuta ochuluka, zipolopolo zochuluka. Chilichonse pachokha chinali chanzeru. Koma mphamvu yomwe anawonjezera ku injini sinafanane ndi katundu amene anaisenzetsa. Ndege inasiya kukwera msanga, inasiya kukhota bwino, ndipo miyendo yake inkathyoka potera pa sitima ya pamadzi yonyamula ndege.

Muganizirenso amene anakumana nawo. Ku Midway anakumana ndi Zero, ndege ya Ajapani yoyendetsedwa ndi akatswiri omwe nkhondo anali ataizolowera, pamene ambiri mwa anyamata a ku America anali atangotuluka kumene kusukulu yoyendetsa ndege. A ku Finland mu 1941 ankakumana kwambiri ndi I-153 ndi I-16, ndege zomwe nthawi yake inali itadutsa, za gulu lankhondo lomwe Stalin anali atapha akuluakulu ake ambiri.

Sipanala14:
Aaa, aphunzitsi, mukanena za katundu ndiye mwalowa m'garaja mwanga. Anthu awiri anagula maminibasi ofanana, chaka chimodzi, injini imodzi, onse ndimawakonzera ine. Wina amayenda Limbe mpaka Zomba, amakweza anthu mwa mlingo. Mnzakeyo anawotcherera mpando wina kumbuyo, n'kumatsika nayo ku Chikwawa mwezi wa October, pobwera atadzaza matumba mpaka pansi pa mipando. Pokwera chikweza chija imafika pamwamba ikuwira ngati mphika wa nyemba. Lero mukamufunsa akuuzani kuti galimoto za mtundu umenewu ndi zachabechabe, osagula. Wa ku Zomba uja akufuna yachiwiri.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndipo mwakhudza za kutentha musakudziwa. Injini ya Buffalo, Wright Cyclone, vuto lake linali lomwelo. Ku Malaya ndi ku Singapore, komwe Angerezi, a ku Australia ndi a ku New Zealand ankaziyendetsa kumapeto kwa 1941, inkatentha n'kumalavulira oilo pagalasi lakutsogolo. Ku Finland kozizira kuja vutolo linachepa lokha. Kuwonjezera apo, zina mwa zomwe Angerezi analandira zinabwera ndi mainjini omwe anali atagwirapo kale ntchito m'ndege zonyamula anthu, anangowakonzanso. Ndipo zina sizinagwetsedwe mumlengalenga ayi, zinaphulitsidwa zili pansi chifukwa kunalibe njira yodalirika yochenjezera kuti mdani akubwera.

Sipanala14:
Ndiye kuti anawagulitsa mainjini a kaunjika?! Kkkkk ndimayesa zimatichitikira ife tokha

WakuJoni:
Achimwene a Sipanala, ino ndi yanu. Amakaniko a ku Finland ataona kuti injini ikuvuta ndi oilo, anamasula n'kutembenuza ring'i imodzi pa pisitoni iliyonse, kuiika chadodolido. Injini inayamba kuyenda bwino.

Sipanala14:
Eee! Amenewo ndi abale anga enieni. Buku likunena zina, maso ako akuona zina, umatsata maso. Koma kutembenuza ring'i pa injini yoti munthu akwera nayo kumwamba pamafunika chiwindi. Yanga ikazima kasitomala amaima m'mbali mwa msewu n'kundiimbira foni akutukwana. Uyo aima pati?

Tomasi Didimo:
Zonsezi ndamva, koma funso langa la msodzi simunayankhe. Nambala ya 450 anawerenga ndani? Munthu akuwombera, waona utsi, watembenuka kuthawa mdani wina, pofika kunyumba akuti ndagwetsa. Anthu atatu awombera ndege imodzi, aliyense walemba yake, zakwana zitatu.

Ndikupatseni chitsanzo. Boulton Paul Defiant ya Angerezi, ija inali ndi mfuti zinayi kumsana koma kutsogolo kopanda ngakhale legeni. Pa 29 May 1940 ku Dunkirk, 264 Squadron inalengeza kuti yagwetsa ndege za Ajeremani 37 tsiku limodzi, iyo osataya ndege ndi imodzi yomwe. Dziko lonse linavina. Nkhondo itatha, kaundula wa Ajeremani anasonyeza kuti tsiku limenelo sanataye zochuluka chotero, ngakhale mutaphatikiza zonse zomwe zinagwa kumeneko. Patangotha miyezi itatu Defiant anaichotsa pa nkhondo ya masana chifukwa inkangothyoledwa ngati masamba. Nambala za oyendetsa ndege ine ndimazimva ndi khutu limodzi.

Mphunzitsi Wopuma:
Bambo Tomasi, apa mwalasa. Kukokomeza kunalipo mbali zonse, ndipo nthawi zambiri sikunali kunama mwadala, koma kuona zinthu m'masekondi awiri mtima ukugunda. A ku Finland nawonso anali anthu.

Koma pali nambala ina yomwe munthu sangaikokomeze, ya ndege zake zomwe. Anali nazo 44 basi, ndipo kogula zina kunalibe, poti America inali itakhala mbali ya Soviet Union. Anamenya nazo nkhondo kuyambira 1941 mpaka 1944, kenako anakathamangitsa nazo Ajeremani ku Lapland, ndipo zotsala zinauluka mpaka 1948. Dulani 450 ija pakati ngati mukufuna, ine sindikana. Koma ndege yachabechabe singakhalitse pankhondo zaka zonsezo. Ilmari Juutilainen anawerengeredwa ndege 34 ali mu Brewster, Hans Wind 39. Anthuwa ankaphunzitsidwa kuuluka awiriawiri, wina kuteteza msana wa mnzake, ndi kuwombera pokhapokha atayandikira kwambiri. Angerezi nthawi imeneyo anali akadali kuuluka atatuatatu mothithikana, aliyense maso ali pa phiko la mnzake m'malo moyang'ana mdani.

Defiant yanuyonso, ataisamutsira ku nkhondo ya usiku, inagwetsako ndege za mabomba za Ajeremani nthawi yomwe London inkaphulitsidwa. Kukwawira pansi pa mdani mumdima n'kuwombera chokweza, mfuti za kumsana zija zinapeza ntchito yake.

Kagemu:
Koma aphunzitsi, pazithunzi ndege za Finland zili ndi chizindikiro cha Hitler chija, chabuluu. Ndiye tikuyamikira anthu a Hitler?

Mphunzitsi Wopuma:
Wafunsa bwino mwana wanga. Chizindikirocho anayamba kuchigwiritsa ntchito mu 1918, Hitler asanadziwike. Chinabwera ndi ndege yawo yoyamba, yomwe anawapatsa munthu wa ku Sweden dzina lake Eric von Rosen. Koma n'zoonanso kuti kuyambira 1941 mpaka 1944 Finland inkamenya nkhondo mbali imodzi ndi Germany. Zimenezo sitibisa. Pano tikuyeza ndege, sitikuchapa mbiri ya munthu.

Kagemu:
Chabwino, ndiye nane ndiponye yanga, koma musandinyoze ndi za gemu. Bell P-39 Airacobra. Injini ili kumbuyo kwa woyendetsa. Shafiti yaitali ikudutsa pansi pa mpando, pakati pa miyendo yake, mpaka ku pulopela. Mzinga wa 37mm ukuwombera kudzera pakati penipeni pa pulopelayo. Chitseko ngati cha galimoto, galasi lochita kupukusa ndi dzanja. Angerezi anaiyesa mu 1941, gulu limodzi lokha, n'kuikana. Amereka ku New Guinea ankadana nayo, mtundu wake wina unkatchedwa P-400 ndiye ankaseka kuti imeneyo ndi P-40 (ndege ina ya kwawo) yomwe ili ndi Zero kumchira kkkk. Koma pa ndege pafupifupi 9,500 zomwe zinapangidwa, theka linapita ku Soviet Union, ndipo kumeneko inakasanduka mfumu. Oyendetsa ndege akumeneko Pokryshkin ndi Rechkalov anatchuka nayo. Ankaphulitsa nayo akasinja a Ajeremani ndi mzinga uja.

Sipanala14:
Dikira kaye. Shafiti kudutsa pakati pa miyendo? Ine ndinaonapo shafiti ya lole itaduka galimoto ili pa liwiro, inakumba phula ngati khasu. Mundipatse ndalama zingati, pamenepo sindikhalapo.

Mphunzitsi Wopuma:
Kagemu wakhoza zonse kupatula mzere womaliza. Nkhani ya akasinja ndi yofala koma si yoona. Ntchito yaikulu ya Airacobra ku Soviet Union inali yomenyana ndi ndege zinzake, kuteteza asilikali a pansi kuti asaponyeredwe mabomba. Zipolopolo za mzingawo zomwe ankalandira zinali zophulika, osati zoboola chitsulo chokhuthala cha kasinja.

Chifukwa chomwe ena anaida ena n'kuikonda, bambo Sipanala muchimva msanga. Ndege yoyamba yoyeserera inali ndi tebo, chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini. Popanga zambiri, tebo ija anaichotsa. Ndiye ikakwera kupitirira mamita 4,000 kapena 5,000, kumene mpweya wachepa, injini inkabanika. Kuti muone kutalika kwake, Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002. Kumadzulo kwa Ulaya nkhondo ya ndege inkachitikira kumwamba kwenikweni, mamita 7,000 kapena kuposa, ndiye kumeneko inalidi yopanda ntchito. Kum'mawa ndege zinkamenyana m'munsi, pamwamba pa asilikali ndi akasinja, ndipo m'munsimo Airacobra inali ndi liwiro lokwanira kulimbana ndi Messerschmitt ya Ajeremani. Anthu a Soviet ankachotsanso mfuti za m'mapiko kuti ipepuke. China chomwe ankaikondera ndi wailesi yake, yomwe inkamveka bwino kusiyana ndi za m'ndege zawo. Ku Kuban mu 1943, gulu la Pokryshkin linkatha kulankhulana ndi kupangana mumlengalenga momwemo. Munthuyu anadzalandira ulemu wa Hero of the Soviet Union katatu.

Tomasi Didimo:
Mwaiwala kunena kuti zipolopolo za kumphuno zikatha, kutsogolo kunkapepuka, kulemera konse n'kutsalira kumbuyo komwe kuli injini. Ikatero inkatha kuyamba kuzungulira chafufumimba ngati mbale, osatheka kuiwongola. Inapha anthu ambiri chotero, a Soviet omwewo. Limenelo si vuto la malo kapena la nyengo, ndi vuto la ndege.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndavomera. Chilema chimenecho chinali chake chobadwa nacho.

Mdzukulu wa KAR:
Pepani ndilowerere, ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete. Za mainjini ine sindizidziwa. Koma agogo anga aamuna anali msilikali wa KAR (King's African Rifles), anapita ku Abyssinia (Ethiopia) kenako ku Burma, ndipo ndinakula ndikumva nkhani zawo pakhonde madzulo tikutong'ola chimanga. Mayina mukutchulawa sindinawamvepo pakamwa pawo, ngakhale Spitfire yotchukayo. Iwo ndege yomwe ankaikamba inali imodzi, ankangoti ndege ya chakudya.

Ankati mvula ya ku Burma siikata. Matope mpaka m'mawondo, magalimoto atatitimira, malungo akugwetsa anthu kuposa zipolopolo. Ndiye mumamva kulira kwake chapatali, imabwera motsika, chitseko cha m'mbali chili pululu, anthu mkatimo akukankha katundu ndi miyendo. Zina zinkatsika ndi parachuti, koma mpunga ankangouponya, thumba lili mkati mwa thumba linzake kuti lamkati likaphulika lakunja ligwire. Ankati ukaimva ikubwera uthawire kutsinde kwa mtengo, chifukwa thumba limenelo likakupeza, basi. Ndiye ankaseka mpaka kutsokomola, amvekere, munthu kupulumuka chipolopolo cha Mjapani n'kudzafa ndi chakudya chako chomwe.

Sindikudziwa ngati ikulowa m'nkhani yanuyi, poti mfuti inalibe.

Sipanala14:
Achemwali, mwatikhazika pansi. Ikulowa ndithu.

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi, imeneyo ndi Dakota, ndipo malo omwe agogo anu ankanena akufanana ndi chigwa cha Kabaw. Gulu la 11th East African Division, momwe munali asilikali a ku Nyasaland, linatsika chigwa chimenecho mvula ili mkati mu 1944, mpaka linafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu December. Kupanda chakudya choponyedwa kuchokera kumwamba ulendowo sukanatheka. Dakota palibe amene anainyozapo, koma anyamata okonda ndege zankhondo amaidumpha chifukwa siwombera.

Ndipo ndege yomwe inkawathandiza kwambiri kuphulitsa maenje a Ajapani inali Hurricane yomangiriridwa mabomba, nthawi yomwe ku Ulaya ankaiona ngati nkhalamba yoyenera kupuma. Hurricane imeneyonso inalandidwa ulemu. Mu 1940 pa nkhondo yoteteza Britain inagwetsa ndege zambiri kuposa Spitfire, koma nyimbo zonse zinapita kwa mnzake wokongola uja.

Wa ku Chipata:
Moni nonse a kutsidya. Amayi atchula Abyssinia ndiye nane ndadzuka. Asilikali athu a Northern Rhodesia Regiment anali limodzi ndi a ku Nyasaland pa Tug Argan ku Somaliland mu August 1940, pomwe Ataliyana anawachulukira. Nkhondo ya kum'mawa kwa Africa imeneyo ndiye inali msika wa ndege zokanidwa kwina.

Tengani Fairey Battle. Injini yake Merlin, yomweyo ya Spitfire ndi Hurricane, koma ikukoka anthu atatu ndi mabomba. Ku France mu May 1940 inali nyama ya galu. Pa 14 May paokha, popita kukaphwanya milatho ku Sedan, zinanyamuka 63, ndipo 35 sizinabwerere. Angerezi anaichotsa mwamanyazi, zambiri n'kuzitumiza ku Canada kukaphunzitsira ana asukulu. Koma zina zinapatsidwa kwa a ku South Africa, ndipo 11 Squadron yawo inauluka nazo kuchokera ku Kenya kukaphulitsa mabwalo a ndege a Ataliyana ku Ethiopia ndi ku Somaliland. Kumeneko inagwira ntchito yooneka. Kunalibe Messerschmitt, kunali Fiat ya mapiko awiri, ndipo mtunda wautali womwe Battle inkatha kuuluka unali wofunika kwambiri kudziko lalikulu ngati limenelo.

WakuJoni:
Ndipo pali yoseketsa kuposa pamenepo. A ku South Africa omwewo anatenga ndege zonyamula anthu za South African Airways, za mtundu wa Junkers Ju 86, zopangidwa ku Germany, n'kuzimangirira mabomba kukaphulitsa nazo Ataliyana, abwenzi a Ajeremaniwo. Kumenyedwa ndi ndodo ya mnzako.

Kuno ku Johannesburg, ku Saxonwold pafupi ndi kosungira nyama, kuli nyumba yosungiramo zakale zankhondo. Anthu ambiri amathamangira kukaona Me 262, ndege ya jeti ya Ajeremani. Ine ndinaima nthawi yaitali pa ina yotchedwa Hartbees, ya mapiko awiri, mawaya ali pingepinge pakati pa mapikowo, kumbuyo yokutidwa ndi nsalu, woyendetsa mutu uli pamtunda. Ukaiona umati iyi ngakhale mphepo ya mkuntho ingaigwetse. Koma za mtundu umenewu n'zomwe zinkauluka pamwamba pa asilikali ochokera ku Kenya kulowa ku Ethiopia. Addis Ababa inagwa mu April 1941.

Kagemu:
Nanga Ataliyanawo ndege zatsopano ankazipeza bwanji, poti Angerezi anali atatseka Suez?

Wa ku Chipata:
Ankamasula mapiko a Fiat CR.42, kuilowetsa m'mimba mwa ndege yaikulu yotchedwa SM.82, n'kuuluka nayo kudutsa chipululu kuchokera ku Libya. Ndege kubereka ndege inzake.

Tomasi Didimo:
Ndiye mmene mukupitiramu mumaliza ndi kunena kuti ndege yoipa kulibe, iliyonse inangosowa malo ake. Ayi. Zina zinali zoipa basi.

Breda Ba.88 ya Ataliyana. Mu 1937 inaswa mbiri ya liwiro, Mussolini n'kumadziguguda nayo pachifuwa. Yokongola kwabasi. Ataiika mfuti, mabomba ndi zosefera mchenga n'kuitumiza ku Libya mu 1940, zina zinkalephera ndi kukwera komwe, zina kukhota zili mumlengalenga kunali kovuta. Chaka chisanathe anazimasula zida n'kuziimika m'mabwalo a ndege kuti Angerezi azitaya mabomba pa izo poyesa ndi zenizeni. Ndege yankhondo kusanduka chiopsezo cha mbalame m'munda wa mapira. Chikomekome cha nkuyu chenicheni. Imeneyo mundipezere Finland yake.

Mphunzitsi Wopuma:
Imeneyo ndilibe poyikira kumbuyo, bambo Tomasi. Tengani.

Tomasi Didimo:
Ndiwonjezere ina. F-104 Starfighter. West Germany inagula 916, inataya 292 pa ngozi, oyendetsa 116 anafa, popanda nkhondo iliyonse. Ajeremani ankaitcha yopanga akazi amasiye. Ankanenanso kuti ukafuna Starfighter yakoyako, gula kamunda n'kudikira, igweramo yokha.

Mphunzitsi Wopuma:
Iyi yokha ndilimbana nanu pang'ono. Kelly Johnson, injiniya wa kampani ya Lockheed ya ku America, anaipanga atamva madandaulo a oyendetsa ndege a ku nkhondo ya Korea, omwe ankafuna chinthu chothamanga ndi chokwera msanga. Anawapatsadi. Timapiko take kuchokera nsonga kufika nsonga sitinkakwana mamita 7, topyapyala moti pansi ankativeka zotchinga kuti amakaniko asadzicheke. Inali ya kumwamba, masana, kunja kuli ngwee. Ajeremani anaisandutsa yonyamula mabomba, yoti iziuluka chokwawa pamwamba pa mitengo, m'nkhungu ndi m'mvula ya kwawo. Gulu lawo la ndege linali litangoyambiranso mu 1956 patatha zaka zoposa khumi kulibe, amakaniko odziwa anali ochepa, ndege zambiri zinkagona panja. Johannes Steinhoff atatenga utsogoleri mu 1966 anasintha maphunziro ndi kasamalidwe, anaikamo mipando yothawirapo ya Martin-Baker, ndipo ngozi zinatsika. Spain inali nazo 21 kuyambira 1965 mpaka 1972, sinataye ndi imodzi yomwe. Italy inauluka nazo mpaka 2004.

Tomasi Didimo:
Spain ndege 21, kunja kowala, ntchito yopepuka. Nanga Canada, yomwe inali ndi oyendetsa odziwa ndi amakaniko odziwa, bwanji inataya pafupifupi theka la zake?

Mphunzitsi Wopuma:
Chifukwa nawonso ankaiulutsa chokwawa ku Ulaya komweko, ntchito yomweyo ya Ajeremani.

Tomasi Didimo:
Ndiye mwandivomereza. Kampani inaigulitsa kuti ntchito imeneyo iitha. Ndipo mu 1976 zinaululika ku America kuti Lockheed inkapereka ziphuphu m'mayiko osiyanasiyana kuti ndege zake zigulidwe, mpaka Prince Bernhard wa ku Netherlands anakodwa m'nkhaniyo. Munthu akakugulitsa njinga n'kunena kuti inyamula matumba asanu, ikathyoka usanene kuti njinga inali yabwino koma inasowa malo ake.

Sipanala14:
Apa nonse mukunena zoona, ndiye sindikudziwa kuti ndiimire uti. Njingayo payokha ilibe mlandu, wogulitsa ali nawo, wogulanso anali ndi maso.

Mdzukulu wa KAR:
Ine ndangoima pa 116 paja. Mkazi amene walandira uthenga kuti mwamuna wake wagwa, kunja kulibe nkhondo, mukamuuza kuti ku Spain sizinkagwa, akuyankhani chiyani?

Mphunzitsi Wopuma:
Palibe chomwe ndingamuuze, mayi. Ena mwa akazi amenewo anatengera kampaniyo kukhoti ku America, ndipo inawalipira.

Kagemu:
Palinso ina ankaitcha dzina lomwelo la akazi amasiye, B-26 Marauder. Ophunzira ku Florida ankagwa nayo motsatizana chifukwa inkatera pa liwiro lalikulu. Anatalikitsa mapiko, anasintha kaphunzitsidwe, pamapeto pake inakhala m'gulu la ndege za mabomba za America zomwe zinkagwetsedwa mochepa kwambiri ku Ulaya. Ina dzina lake Flak-Bait inapita kunkhondo maulendo oposa 200 n'kubwerako, thupi lonse zigamba zokhazokha.

Tomasi Didimo:
Anatalikitsa mapiko. Ndiye kuti poyamba anali aafupi. Zikomo.

Kagemu:
Madala inu simugonja kkkkk

Sipanala14:
Tibwerere kwa Buffalo wanga ndisanatseke garaja. Ilipo yomwe inatsala yoti munthu n'kuiona?

WakuJoni:
Ilipo achimwene. Nambala yake BW-372. Mu June 1942 woyendetsa wake, Lauri Pekuri, anawomberedwa ndege n'kuyaka moto, ndiye anaitereza pa nyanja ina yaing'ono ku Karelia, anasambira mpaka kumtunda n'kuyenda wapansi m'nkhalango kubwerera kwa anzake. Ndegeyo inakhala pansi pa madzi zaka 56, anadzaivuula mu 1998. Anakaiika m'nyumba yosungiramo ndege zakale ku Tikkakoski ku Finland mmene inatulukira m'madzimo, osaipenta, mabowo a zipolopolo akuoneka.

Sipanala14:
Zaka 56 m'madzi. Akanangondilola tsiku limodzi ndi bokosi langa la masipanala, ndimasule silinda imodzi yokha, ndione ndi maso anga ngati ring'i ija ilidi chadodolido.

Tomasi Didimo:
Mukamasula mujambule. Ine mpaka ndione chithunzi.